Zitini za Dazi Sizinabwere

Bambo anga anataya diso lakumanzere chifukwa cha mawu atatu amene ndinalemba ndi choko pa bolodi la holo ya kanema. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mawuwo anali akuti: "Chipewa apambana lero."

Tinkakhala kunja kwa geti la esiteti ina ya nzimbe kumunsi kwa Chikwawa, nthawi ya chipani chimodzi. Holoyo inali ya a Semba, amene analinso ndi golosale pambali pake. Kale inali nyumba yosungiramo thonje. Inali ya njerwa ndi malata, ya mazenera anayi otsekedwa ndi masaka, khomo lalikulu kutsogolo ndi kakhomo kena kumbuyo. Kanema ankayamba 2 koloko masana Loweruka lililonse, dzuwa likuwotcha malata mpaka kumalira okha. Anthu ankatuluka malaya atamatirira kumsana, koma Loweruka linalo ankabweranso.

Bambo, a Zuze, amene ife tinkawatcha Baba, ndiwo ankayendetsa makina a kanema. Ntchitoyo anaiphunzira kwa Mpwitikizi wina ku Mozambiki asanawoloke malire. Ankadziwa kulumikiza kanema woduka ndi lumo ndi guluu, maso ali kwina. Koma Chichewa cholemba chinkawavuta, choncho bolodi la pakhomo linali langa. Loweruka m'mawa ndinkakwera pa kreti n'kulemba kanema wa tsikulo.

Makanema ankabwera Lachinayi pa basi yochokera ku Limbe. Kanema mmodzi ankakhala m'zitini zitatu zaphwatalala, zomangidwa ndi lamba. Mayina ake a Chingerezi panalibe ankawatchula. Anthu ankapereka awo mayina, ndipo m'chaka chimenecho otchuka anali awiri. Dazi anali kamunthu kafupi kometa mpala, kogwira ntchito yophwanya miyala, kamene kankagwetsa amuna khumi ndi manja okha. Odula nzimbe ankamukonda ngati mbale wawo. Chipewa anali chimunthu chachitali cha pa kavalo, chovala chipewa chakuda, chowombera mfuti chosayankhula. Ameneyo anali wa anthu a ku fakitale: amakanika, madalaivala ndi makalaliki, anthu ovala nsapato. M'holo odula nzimbe ankakhala kumanzere, a fakitale kumanja, pakati n'kusiya kanjira.

Ine ndinali ndi dzina pakati pa magulu awiriwo. Ankanditcha Mlosi. Pa lamba wa zitini pankamangidwa kapepala kochokera kwa eni makanema, kolemba kanema wobwera sabata yotsatira. Baba ankandipatsa kuti ndiwawerengere. Kenako anthu akandipeza pa mjigo kapena pamsika ankandifunsa: "Mlosi, sabata yamawa kukubwera ndani?" Ndinkatsinzina, n'kuika chala pamphumi, n'kutchula. Sindinaphonyepo. Ankandipatsa nzimbe yosenda kale kapena chitumbuwa, ndipo amayi ena ankakoka ana awo ndikamadutsa. Za kapepala sindinauze munthu.

Holo ya a Semba inali ndi mwambo wake. Nyengo yodula nzimbe ikamatha, odula asanabwerere kwawo ku Mulanje, ku Dedza ndi kumpoto, pankakhala kanema wotsanzikana, ndipo ankasankha ndi anthu okha. Pakhomo munthu ankaonetsa khadi la chipani kwa anyamata amene ankaima pamenepo, kenako a Semba ankamupatsa chitsekerero chimodzi cha botolo. Akalowa ankadutsa kuseri kwa chiguduli, komwe kunali madebe awiri. Pa lina ndinajambulapo mutu wa mpala, pa lina chipewa. Munthu ankaponya chitsekerero m'debe la kanema amene wamukonda. A Semba ndi Baba ankawerenga m'kachipinda ka makina, ndipo wopambana ankaonetsedwa masana omwewo. Choncho sabata imeneyo pankafunika kubwera zitini zisanu ndi chimodzi, za makanema onse awiri. Kwa milungu itatu nkhani m'makomboni inali imeneyo. Pa mjigo amuna awiri anamenyana nazo mpaka wina anaguluka dzino.

Lachinayi limenelo kondakitala anatsitsa zitini zitatu zokha.

"Zina zija?" anafunsa Baba.

"Ndi zomwezi, achimwene. Kaya kumeneko."

Ndinamasula kapepala n'kuwerenga. Kanali konena kuti Dazi wang'ambika kwambiri ndipo akumukonza, sabwera mwezi umenewo. Zimene zinabwera zinali za Chipewa.

Tinamangirira zitinizo pa njinga n'kuikankha mpaka ku golosale. A Semba anawerenga okha kapepalako kawiri, n'kukapinda, n'kukaika m'thumba la malaya. Ine ndinali nditagwira njinga, ndipo sanasamale kuti ndikumva.

"Tikanena kuti Dazi kulibe, odula nzimbe sabwera ndi mmodzi yemwe," anatero. "Aponye zitsekerero zawozo. Owerenga ndife."

"Nkhabe, bwana," anakana Baba m'Chisena. "Anthu aja si ana."

"A Zuze, makinawa ndi a ndani?"

Baba anayang'ana pansi. Tinali ana asanu pakhomo pathu, ndipo nyumba imene tinkagonamo inali ya a Semba, kuseri kwa golosale yomweyo. Pobwerera anandiuza mawu ochepa: "Rozina, Loweruka ukalembe zimene umalemba chaka chilichonse. Basi."

Loweruka kunacha kotentha. Minda yomaliza anaitentha dzulo lake, ndipo phulusa lakuda linkagwabe pa zovala zoyanika. Cha m'ma 11 koloko ndinakwera pa kreti n'kulemba: "Sankhani nokha lero: Dazi kapena Chipewa." Ndikumaliza, odula nzimbe anatulukira pa geti, akuda bii ndi phulusa, zikwanje zili pamapewa. Patsogolo panali a Thomo, kapitawo wawo, munthu wa chifuwa chachikulu ndi mawu omveka tsidya la munda. Anali munthu wanthabwala, ndipo nzimbe zambiri zimene ndinadya chaka chimenecho anandipatsa ndi iwo.

"Mlosi, lero pumula," anatero. "Ngakhale mbuzi ya a Semba ikudziwa kuti Dazi apambana. Ife tilipo angati, a nsapatowo alipo angati?"

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anakuwa: "Ulosi wanji? Kamwanaka amakauza ndi kondakitala wa basi!"

Kusekako kunakula. Munthuyo anali atayandikira kwambiri zoona, ndipo ndinamva makutu akutentha. Ndinali ndi chinthu chimene onsewo analibe, ndipo chinkandiyabwa pakhosi kuyambira Lachinayi. Sindinaganize za Baba. Sindinaganize za madebe. Ndinaganiza za nkhope zawo madzulo ake, akamadzanditchulanso Mlosi mwaulemu. Ndinatembenuka n'kulemba pansi pake ndi zilembo zazikulu: "Chipewa apambana lero."

Mmodzi wodziwa kuwerenga anawerengera anzake mokweza. A Thomo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Chipewa akapambana, mwanawe, ine ndidya chikwanje changachi ndi mchere."

Baba sanaone bolodilo. Anali kuseri akulimbana ndi jenereta. A Semba nawo anali mkati akukonza mabenchi, ndipo pamene ankatuluka anthu anali atadzaza kale pakhomo, atatchinga bolodi.

Pali chinthu chimene a Semba sanachiganizire, ndipo ine ndinachimva ndili pamzere. Chitsekerero chikagwera m'debe lopanda kanthu chimalira kuti ngwe. Chikagwera pamwamba pa zinzake chimangoti tswa. Mzere usanafike pakati, debe la Dazi linali litasiya kulira. La Chipewa linalira ngwe, ngwe, mpaka munthu womaliza. Chiguduli chinkabisa maso okha. Aliyense amene anali ndi makutu anawerenga yekha.

Zikwanje zinali zitasiyidwa panja, mulu umodzi pansi pa mtengo, monga mwa lamulo la holo. Ndimakhulupirira kuti lamulo limenelo ndilo linachititsa kuti tsikulo pasafe munthu m'holomo.

A Semba ndi Baba analowa ndi madebe m'kachipinda ka makina, kamene kanali kumbuyo kwa mabenchi, kotchingidwa ndi matabwa. Anakhalamo mphindi zochepa. A Semba anatuluka okha, anakwera pa benchi, n'kupukuta thukuta.

"Abale, mwasankha. Wapambana ndi Chipewa!"

Kumanja anaimba mluzu ndi kuponda pansi. Kumanzere palibe anaomba m'manja. Kenako a Thomo anaimirira pang'onopang'ono. Sanayang'ane a Semba. Anayang'ana ine, pamene ndinakhala pa kreti yanga pafupi ndi khomo la kachipinda.

"Mwanayu wadziwa bwanji m'mawa muja, tisanaponye?"

A Thomo anakweza mawu.

"Ndikufunsa. Wadziwa bwanji?"

"Amuuza ndi bambo ake!" anakuwa wina. "A fakitale awagula!"

Pakanapanda bolodi langa, anthuwo akanati a Semba sadziwa kuwerenga, akanawatukwana n'kuwakakamiza kuwerenganso. Mawu anga atatu ndiwo anaonetsa kuti nkhaniyo inakonzedwa kale, ndipo analoza pakhomo pa Baba.

Botolo loyamba linachokera kumanzere. Linamenya kalaliki wina pamwamba pa khutu, ndipo magazi anathothokera pa malaya ake oyera asanadziwe n'komwe chamugunda. Makanika wina ananyamula benchi n'kuliponya kudutsa kanjira kaja. Linagwera miyendo ya anthu atatu, ndipo ndinamva fupa likuthyoka, phokoso lofanana ndi nzimbe youma ikapondedwa ndi thirakitala. Kuchokera pamenepo panalibenso kumanja kapena kumanzere. Anthu anazula miyendo ya mabenchi. Ena anavula malamba n'kumenya ndi mbali ya chitsulo. Khomo lalikulu linali limodzi, ndipo amayi amene anathamangirako anagwetsana n'kupondana. Wina anang'amba saka la pazenera, kuwala kunalowa ngati mpeni, ndipo m'kuwalamo ndinaona munthu atakhalira mnzake pachifuwa akumumenyetsa mutu pa simenti. Chinsalu choonetserapo kanema chinagwa n'kukuta anthu angapo, ndipo ena ankamenya chilichonse chimene chinkagwedezeka pansi pake.

A Semba anali atatuluka kale pa kakhomo kakumbuyo. Anatseka ndi loko kunja.

A Thomo anandinyamula ndi dzanja limodzi ngati thumba n'kundikhazika pamwamba pa matabwa otchinga kachipinda. "Khala pomwepo, usatsike!" Choncho zimene zinachitika mkatimo ndinaziona bwino kuposa munthu wina aliyense.

A Thomo anaponda chitseko cha kachipindako kawiri, chinaguluka. Baba anali ataima kutsogolo kwa makina, nyale yake itayaka kale, mpukutu woyamba wa Chipewa uli pamwamba. A Thomo anagubuduza madebe onse awiri pansi. Zitsekerero za Dazi zinamwazika mpaka kunja kwa kachipinda. Za Chipewa zinali zoti munthu n'kuzinyamula m'manja awiri.

"A Zuze, onani nokha. Ikani Dazi."

"Kulibe," anatero Baba. "Sanabwere."

"Mukuti chiyani?"

"Sanabwere, a Thomo. Zitini ndi zitatuzi."

Amene anali pakhomo anamva, n'kuuza a kumbuyo kwawo. Anthu anakankhana kulowa m'kachipinda kosakwana anthu anayi. Wina anakoka mpukutu n'kuyamba kusolola kanema ngati matumbo a mbuzi. Baba anakumbatira makinawo ndi thupi lawo lonse, makina a munthu amene anali atawatsekera mkati. Anawamenya ndi lamba kumsana, sanasiye. Anawamenya ndi mwendo wa benchi pamapewa, sanasiye. Kenako mnyamata wina womanga nsanza yofiira kumutu, amene sindinadziwe dzina lake mpaka lero, anakweza thabwa n'kumenya nyumba ya nyale. Galasi lake linali lotentha. Linaphulika, ndipo nkhope ya Baba inali pomwepo.

Sanakuwe. Anakhala pansi pa zitsekerero, atagwira kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala. Amene anakuwa ndine, ndipo akuti ndinamveka mpaka pa geti.

M'kachipindamo anthu anabwerera m'mbuyo. A Thomo anavula malaya, anamanga nawo mutu wa Baba, anawanyamula paphewa, n'kudutsa nawo pakati pa ndewu akukankha anthu ndi chigongono. Ine ndinatsika n'kugwira lamba wawo kumbuyo. Panja anawagoneka pansi pa mtengo, pafupi ndi mulu wa zikwanje. Anatuma munthu kukaitana thirakitala. Kenako anatembenukira ku golosale yotseka ya a Semba, chifuwa chili magazi okhaokha, n'kukuwa ndi mawu awo aja omveka tsidya la munda:

"Ngakhale kanema yemwe mwatisankhira kale! Nanga ife tidzasankha chiyani m'dziko muno?"

Amene anali panja anayang'anana mwamantha. Ena anayamba kuchoka chammbali. Anyamata oona makhadi aja, amene nthawi yonse ya ndewu anangoima patali, tsopano anayandikira. Anali asanu, ndi ndodo ndi tcheni cha njinga. A Thomo sanathawe, ndipo zikwanje zinali pafupi ndi phazi lawo, koma sanawerame. Ndodo yoyamba inawapeza kuseri kwa mawondo. Atagwa anawamenya ndi tcheni kumutu ndi m'nthiti mpaka anasiya kutchinga ndi manja. Odula nzimbe amene mphindi zochepa zapitazo ankaphwanya holo chifukwa cha kanema anaimirira n'kumayang'ana pansi.

Wamkulu wa anyamatawo anabwera kwa ine. "Iwe ndiwe Mlosi, umadziwa zonse. Munthuyu wati chiyani? Nena pamaso pa anthuwa."

Ndinali nditamva liwu lililonse. Ndinati: "Sindinamve. Ndimaona bambo anga."

Sizinathandize kanthu, chifukwa anali atamva okha. Anamanga a Thomo ndi chingwe cha katundu, ndipo galimoto inabwera kudzawatenga thirakitala ya Baba isanafike n'komwe. Kudera kwathu sanaonekenso. Ena amati anatuluka patapita zaka n'kubwerera kwawo. Nditakhala mtolankhani ndinafufuza, ndipo sindinapeze umboni wotsimikizira zimenezo kapena wozitsutsa.

Baba anakhala kuchipatala cha paboma milungu itatu. Diso analichotsa. Holo sinatsegulidwenso, ndipo a Semba anatiuza kuti nyumba ija akuifuna. Tinasamukira kwa achibale a Mayi ku Malemia, komwe Baba anayamba kulima mapira ndi kukonza njinga. Kwa miyezi ingapo ankathira tiyi pambali pa kapu, n'kuphonya chogwirira chitseko. Nthawi iliyonse akaphonya ine ndinkatuluka panja.

Sanandimenye. Ndinkafuna atandimenya. Anadikira mpaka tsiku lina tikupalira awiri, n'kuima, n'kutembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso lotsalalo.

"Rozina, mlandu waukulu ndi wanga. Ndinavomera kunamiza anthu, ndinalipira. Koma nawe uli ndi wako. Lachinayi lija unadziwa chiyani?"

"Kuti Dazi sanabwere."

"Nanga unalemba chiyani?"

Anaika khasu pansi n'kupitiriza.

"Ukanalemba kuti Dazi sanabwere, a Semba akanandichotsa ntchito, anthu akanatukwana n'kupita kukamwa mowa. Ndikanakukwapula, koma ndikanakukwapula ndikukuona ndi maso awiri. Iwe unali ndi zoona m'manja, n'kuzisandutsa matsenga kuti akuombere m'manja."

Anatola khasu n'kupitiriza mzere wawo. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yawo.

Ndagwira ntchito ya nyuzipepala moyo wanga wonse, ndipo funso limene ndafunsa atolankhani achinyamata kuposa lina lililonse ndi la a Thomo lija: wadziwa bwanji? Ndinazindikira mochedwa kuti tsiku lija sindinaname. Chipewa anapambanadi. Cholakwa changa chinali kubisa njira imene ndinadziwira, chifukwa m'njiramo ndimo munali nkhani imene anthu anayenera kumva. Amene walosera zoona chifukwa anaona kapepala sanalose kanthu. Wangothandiza a Semba kuwerenga zitsekerero, ndipo galasi likaphulika limapeza nkhope ya wina.

Ndalemba izi chifukwa cha zimene zachitika sabata ino. Loweruka likudzali kuperekedwa mphoto kwa opanga makanema, ndipo mkonzi wachinyamata anandipempha kuti ndilembe amene ndikuganiza kuti apambana. Anthu akuvotabe pa foni, ndipo kuvota kutsekedwa Lachisanu. Lolemba munthu wina wa mkati mwa okonza mwambowo ananditumizira chithunzi cha zikho zitazokotedwa kale mayina. Mkonzi atachiona anadumpha. "Amayi, lembani mayinawa ngati maganizo anu. Loweruka dziko lonse lidziwa kuti inu simuphonya."

Ndinamuuza kuti ntchito imeneyo ndinaigwirapo kale, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Nkhani imene ndalemba ilibe ulosi. Ikunena kuti zikho zazokotedwa kuvota kusanathe, ikunena mmene ndadziwira, ndipo munthu wachiwiri watsimikiza. Okonza mwambo ndawatumizira mafunso, ndipo alonjeza kuyankha Lachinayi. Ayankhe asayankhe, nkhaniyo ituluka Lachisanu m'mawa, anthu asanamalize kuponya zitsekerero zawo.